Shuga akakwera, mabakiteriya a m'nkhama amasintha khalidwe

Munthu wa matenda a shuga akafika ku kiliniki amamuyeza magazi, amamuyang'ana mapazi, ndipo pomwe zipangizo zilipo amamuyeza maso ndi impso. Za m'kamwa safunsidwa kawirikawiri. Komatu papita zaka zoposa 30 kuchokera mu 1993 pamene Harald Löe, yemwe panthawiyo ankatsogolera bungwe la boma la America lofufuza za mano, analemba m'magazini ya Diabetes Care kuti matenda a nkhama ndi vuto lachisanu ndi chimodzi lobwera ndi shuga. Kuti matenda awiriwa amayendera limodzi, palibenso wotsutsa. Funso lomwe lakhala likuvutitsa ofufuza ndi lakuti shuga amachita chiyani kwenikweni m'kamwamo. Kodi amasintha mabakiteriya, kapena amangofooketsa thupi pamaso pa mabakiteriya omwe munthu aliyense ali nawo kale?

Chiseyeye chikazika mizu

Ambiri tikaona magazi pa mswachi timangoti ndi chiseyeye. Mawu amodziwa amabisa matenda awiri. Oyamba ndi kutupa kwa nkhama chabe, komwe kumatha munthu akayamba kutsuka bwino mano. Achiwiri ndi omwe madokotala a mano amati periodontitis, pomwe kutupako kumalowa pansi n'kuyamba kudya minyewa yomangirira dzino komanso fupa la nsagwada. Fupa likadyeka silibwereranso lokha.

Pakati pa dzino ndi nkhama pali kampata. Mwa munthu wabwinobwino kampataka sikapitirira mamilimita atatu kuya kwake. Matenda akamakula, nkhama zimasiyana ndi dzino ndipo kampatako kamasanduka kathumba. Kakafika mamilimita 6 kapena kuposa, matendawo alowa m'gulu la aakulu. Mswachi sufika m'kathumba kotere. Mpweya wa okosijeni ndi wochepa mmenemo, ndi motentha, ndipo mumatuluka timadzi tochokera m'magazi. Mabakiteriya amamatirira pa muzu wa dzino n'kumanga mudzi wawo, atadziphimba ndi zonanda zomwe amapanga okha. Mapeto ake ndi fungo m'kamwa, mafinya, mano kugwedera kenako kuguluka, ndipo zambiri mwa izi zimachitika popanda ululu. Lipoti la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO la mu 2022 linati pafupifupi akuluakulu 19 mwa 100 alionse ali ndi matenda aakulu a nkhama, kutanthauza anthu oposa biliyoni imodzi.

Nkhani yagona pa kasamalidwe ka shuga

Umboni wamphamvu woyamba unachokera kwa anthu a mtundu wa Pima a ku Gila River, m'chigawo cha Arizona ku America, komwe matenda a shuga a mtundu wachiwiri ndi ofala kwambiri. Mu 1990 ofufuza omwe ankawatsatira kwa zaka zambiri anapeza kuti odwala shuga ankagwidwa ndi matenda a nkhama kuwirikiza 2.6 poyerekeza ndi opanda shuga. Mu 2005, atatsatira odwala shuga 628 a mtundu womwewo kwa zaka pafupifupi 11, anapezanso kuti omwe anali ndi matenda aakulu a nkhama anali pachiopsezo choposa katatu chomwalira ndi matenda a mtima kapena impso.

Koma si wodwala shuga aliyense yemwe ali pachiopsezo chofanana. Apa mpofunika kudziwa muyeso wa HbA1c. Shuga wa m'magazi amamatirira ku hemoglobin ya m'maselo ofiira, ndipo popeza maselowa amakhala ndi moyo masiku pafupifupi 120, muyesowu umaonetsa mmene shuga wakhalira m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Sunyengeka ndi kusala nsima dzulo lake la tsiku la kiliniki. Ukafika 6.5 peresenti munthu amatchedwa wodwala shuga, ndipo kwa odwala ambiri cholinga chimakhala kuusunga pansi pa 7. Mu 2002, kuunika kwa zotsatira za kafukufuku wamkulu wa zaumoyo ku America wotchedwa NHANES III kunaonetsa kuti odwala omwe HbA1c yawo inaposa 9 anali ndi chiopsezo cha matenda aakulu a nkhama kuwirikiza 2.9 poyerekeza ndi anthu opanda shuga. Kwa omwe shuga wawo ankasamalidwa bwino, kusiyana kwake kunali kochepa.

Ndi chifukwa chake akatswiri a nkhama atakumana ku Chicago mu 2017 kukonzanso kagawidwe ka matendawa, anaika HbA1c m'ndondomeko yawo. Wodwala shuga yemwe muyeso wake ndi 7 kapena kuposa amaikidwa m'gulu C, la anthu omwe fupa lawo likuyembekezeka kudyeka mofulumira, gulu limodzi ndi munthu wosuta ndudu 10 kapena kuposa patsiku.

Kusaka wolakwa m'modzi

M'kamwa mwa munthu mungapezeke mitundu ya mabakiteriya pafupifupi 700. Mu 1998 Sigmund Socransky ndi anzake a ku Forsyth, mumzinda wa Boston, anagawa mabakiteriya a pansi pa nkhama m'magulu omwe anawapatsa mayina a mitundu. Gulu lofiira linali la mabakiteriya atatu omwe amapezeka kwambiri m'timatumba takuya totuluka magazi: Porphyromonas gingivalis, Treponema denticola, ndi wina yemwe lero amatchedwa Tannerella forsythia. Atatuwa anatchuka ngati zigawenga za matenda a nkhama.

Choncho ofufuza za shuga anayamba kusaka atatu omwewa ndi ena ochepa odziwika, poganiza kuti mwa odwala shuga adzapezeka ochuluka. Zotsatira zinasokonekera. Ena anapeza kusiyana pang'ono, ena sanapeze kalikonse. Mu 2013 mabungwe awiri akuluakulu a akatswiri a nkhama, la ku Ulaya ndi la ku America, anagwirizana chimodzi: panalibe umboni wokhutiritsa woti shuga amasintha kwenikweni mabakiteriya a m'kamwa. Iwo anati vuto lili m'thupi la wodwala.

Chigamulochi chinali cholondola potengera umboni wa nthawiyo, koma umboniwo unali ndi chilema. Njira zakale zinkangoona mabakiteriya omera m'mbale za mu labotale kapena omwe wofufuza wasankhiratu kuwasaka. Ndi chimodzimodzi kuwerenga anthu a m'mudzi poitana mayina a okhawo omwe ukuwadziwa kale. Njira yatsopano imawerenga kachidutswa ka chibadwa kotchedwa 16S rRNA, komwe bakiteriya aliyense ali nako, ndipo imaonetsa mudzi wonse, kuphatikizapo mabakiteriya omwe sanameretsedwepo mu labotale.

Zomwe zinapezeka ku Brazil

Mu 2013 momwemo, Renato Casarin ndi anzake ku Brazil anafalitsa kafukufuku wogwiritsa ntchito njira yatsopanoyi. Anatenga anthu 23, onse a matenda aakulu a nkhama. Mwa iwo 12 anali ndi shuga wa mtundu wachiwiri wosasamalidwa bwino, HbA1c yoposa 8, ndipo 11 analibe shuga. Matenda a nkhama anali ofanana mbali zonse ziwiri, kotero kusiyana kulikonse kwa mabakiteriya sikukananamiziridwa kuya kwa timatumba.

Zotsatira zinatembenuza zomwe ambiri ankayembekezera. Mwa odwala shuga, magulu a Porphyromonas, Tannerella ndi Treponema, abale a zigawenga zitatu zija, anali ochepa poyerekeza ndi mwa opanda shuga. Omwe anachuluka anali ena, monga Streptococcus, Veillonella, Neisseria, Actinomyces, Capnocytophaga, Eikenella ndi Fusobacterium. Angapo mwa amenewa amapezeka m'kamwa mwa munthu aliyense ndipo masiku onse saonedwa ngati oopsa.

Anthu 23 ndi ochepa, ndipo kafukufuku wotere amajambula tsiku limodzi lokha, sanganene chomwe chinayamba. Akafukufuku ena omwe anatsatira sagwirizana pa mayina onse a mabakiteriya omwe amachuluka kapena kuchepa, ndipo mayiko, zakudya, kusuta ndi njira zotengera zoyeza zimasiyana. Wowerenga asaloweze mndandandawo ngati lamulo. Chomwe chimabwerezeka ndi chakuti mudzi wa mabakiteriya mwa wodwala shuga ndi wosiyana, komanso kuti fupa limatha kudyeka koopsa ngakhale zigawenga zodziwika zisali zambiri. Gulu la ofufuza a ku University of California, Los Angeles linanena zofananako mu 2020: mwa odwala shuga, mabakiteriya sanafunike kusintha kwambiri kuti nkhama zichoke pa zabwino kufika pa zodwala, pomwe mwa opanda shuga kusinthako kunali kwakukulu. Tingati wodwala shuga ali kale m'mphepete mwa phompho, kukankha pang'ono n'kokwanira.

Chimasintha n'chiyani m'kathumbamo?

Choyamba chomwe aliyense angaganize ndi chakudya. Shuga akakwera m'magazi amakweranso m'timadzi totuluka m'kathumba ka nkhama. Izi zimakomera mabakiteriya odya shuga monga Streptococcus, omwe amausandutsa asidi. Veillonella sadya shuga, koma amadya asidi wotsala ndi Streptococcus, choncho awiriwa amachulukira limodzi. Porphyromonas gingivalis naye sadalira shuga. Chakudya chake ndi mapuloteni ndi ayironi wa m'magazi. Apa mpomwe zotsatira za ku Brazil zimayamba kumveka, chifukwa shuga wambiri samupatsa iye mwayi wapadera kuposa anzake. Fusobacterium nucleatum ali ndi ntchito ina. Amagwirana ndi mabakiteriya a mitundu yambiri, ndipo amakhala ngati mlatho pakati pa omwe amayamba kukhala pa dzino ndi obwera mochedwa osafuna okosijeni. Iye akachuluka, mudzi wonse umalimba.

Koma chakudya chokha sichifotokoza kudyeka kwa fupa. Chomwe chimagumula fupa si mabakiteriya mwachindunji, koma nkhondo yomwe thupi limamenya polimbana nawo. Maselo oyera otchedwa neutrophil ndiwo asilikali oyamba kufika pa nkhama. Mwa munthu yemwe shuga wake wakhala wokwera, asilikaliwa amachedwa kulondola adani ndipo sawameza bwino, komabe amatulutsa mankhwala ambiri owononga minofu yowazungulira. Zili ngati alonda omwe akulephera kugwira mbava koma akuswa mawindo a nyumba yomwe akulondera.

Palinso chinthu china. Shuga akakhalitsa m'magazi amamatirira ku mapuloteni ndi mafuta n'kupanga zinthu zomwe mwachidule zimatchedwa AGE. Zimenezi zimaunjikana m'minofu, kuphatikizapo m'nkhama, ndipo zikakhudza malo ozilandirira pa maselo otchedwa RAGE, maselowo amatulutsa mauthenga oitana kutupa monga IL-1 beta, IL-6 ndi TNF alpha. Mu 2004 Steven Engebretson ndi anzake anapeza kuti odwala shuga omwe HbA1c yawo inaposa 8 anali ndi IL-1 beta wochuluka pafupifupi kawiri m'timadzi ta m'nkhama poyerekeza ndi omwe anali pansi pa 8. Mauthengawa amadzutsa maselo ogumula fupa, pomwe maselo omanga fupa amafa msanga ndipo mabala amachedwa kupola. Evanthia Lalla ndi anzake a ku Columbia University anaonetsa mu 2000 kuti akatchinga RAGE mwa mbewa za shuga, kudyeka kwa fupa la nsagwada kumachepa.

Tsono kutupa kumabwerera kwa mabakiteriya. Nkhama zotupa zimatuluka magazi ndi zidutswa za minofu yowonongeka, ndipo zimenezi ndi chakudya cha mabakiteriya okonda malo otupa. Iwo akachuluka amaputanso thupi, thupi n'kuonjezera kutupa. Pamwamba pa izi, odwala shuga ambiri amauma m'kamwa chifukwa chokodza pafupipafupi kapena chifukwa cha mankhwala ena omwe akumwa. Malovu akachepa, m'kamwa simutsukika mokwanira ndipo mafangasi a Candida amapeza mpata.

Mbewa za ku Philadelphia

Mwa anthu n'kovuta kulekanitsa mbali ziwirizi, popeza wodwala amabwera ndi zonse pamodzi: thupi lofooka ndi mabakiteriya osinthika. Gulu la Dana Graves ku University of Pennsylvania linapeza njira yozilekanitsira, ndipo linafalitsa zotsatira zake mu 2017 m'magazini ya Cell Host & Microbe.

Anayamba ndi mbewa zomwe mwachibadwa zimadzadwala shuga wa mtundu wachiwiri zikamakula. Shuga asanakwere, mabakiteriya a m'kamwa mwa mbewazi ankafanana ndi a mbewa zabwinobwino. Shuga atakwera, mudzi unasintha: mitundu inachepa ndipo mabakiteriya ena, monga Enterococcus, Staphylococcus ndi a banja la Enterobacteriaceae, anachuluka. Izi zinaonetsa kuti shuga ndiye anayamba, kusintha kwa mabakiteriya kunatsatira.

Kenako anatenga mabakiteriya a m'kamwa mwa mbewa za shuga n'kuwaika m'kamwa mwa mbewa zina zopanda shuga, zoleredwa m'malo opanda kachilombo kalikonse. Gulu lina la mbewa zoterezi linalandira mabakiteriya a mbewa zabwinobwino. Zomwe zinalandira mabakiteriya a mbewa za shuga zinataya fupa lochuluka ndi 42 peresenti, chikhalirecho matupi awo analibe shuga. Ndiye kuti mabakiteriyawo anali atasanduka aukali ndithu, ndipo ukaliwo anayenda nawo.

Gawo lomaliza ndilo lofunika kwambiri. Ofufuzawo anaona kuti nkhama za mbewa za shuga zinali ndi uthenga wa kutupa wotchedwa IL-17 wambiri. Anabaya mbewazo mankhwala otchinga IL-17, kenako n'kusamutsanso mabakiteriya awo. Ulendo uno kudyeka kwa fupa mwa mbewa zolandira kunachepa kwambiri. Palibe mankhwala opha mabakiteriya omwe anagwiritsidwa ntchito. Kungochepetsa kutupa kunali kokwanira kuti mudziwo ufatse.

Mbewa si anthu, ndipo mabakiteriya a m'kamwa mwawo ndi osiyana ndi athu. Kafukufukuyu sakunenanso kuti munthu angatengere chiseyeye cha shuga popsompsonana kapena pomwera chikho chimodzi. Ofufuzawo eni ake sanalimbikitse kutchinga IL-17 ngati chithandizo, chifukwa uthengawu umatitetezanso ku matenda ena. Phindu lake ndi lakuti wayankha funso lija: mbali zonse ziwiri n'zoona, ndipo dongosolo lake ndi lakuti shuga amasintha thupi, thupi limasintha mabakiteriya, mabakiteriya n'kubwerera kudzazunza thupi.

Nkhama nazo zimakweza shuga

Mkati mwa timatumba ta nkhama muli zilonda. Zikaphatikizidwa m'kamwa monse zimatha kufika masikweya sentimita 8 mpaka 20. Chilonda chotere chikanakhala pa mwendo wa wodwala shuga, palibe namwino yemwe akanachilekerera. Kudzera m'zilondazi mabakiteriya ndi poizoni wawo amalowa m'magazi, ngakhale potafuna chabe, ndipo mauthenga a kutupa omwe amatsatira amasokoneza kagwiridwe ntchito ka insulini.

Ngati zili choncho, kuchiza nkhama kuyenera kutsitsa shuga. Apa umboni unayamba wavuta. Kafukufuku wa ku America wa anthu 514, wofalitsidwa mu JAMA mu 2013, sanapeze kusintha kwa HbA1c patatha miyezi 6. Otsutsa anati ambiri mwa odwalawo shuga wawo sanali wokwera kwambiri poyambira, komanso nkhama zawo sizinachire mokwanira. Mu 2018 Francesco D'Aiuto ndi anzake ku London anatsatira odwala 264 kwa chaka chathunthu, ndipo omwe analandira chithandizo chozama cha nkhama anali ndi HbA1c yotsika ndi 0.6 poyerekeza ndi anzawo. Mu 2022 bungwe la Cochrane linaphatikiza akafukufuku 35 a anthu 3,249 n'kupeza kuti kuyeretsa pansi pa nkhama kumatsitsa HbA1c ndi 0.43 patatha miyezi itatu kapena inayi, ndi 0.30 patatha miyezi 6. Nambalayi ikuoneka yaing'ono, koma kwa wodwala yemwe ali pa metformin ndipo shuga wake akukanabe kutsika, si yonyozeka.

Makapisozi si yankho

Munthu akamva kuti vuto ndi mabakiteriya, maganizo amathamangira ku amoxicillin ndi metronidazole, omwe kuno kwathu ena amawagula popanda kuonana ndi dokotala. Zomwe tafotokozazi zikusonyeza chifukwa chake njirayi imakhumudwitsa. Palibe bakiteriya m'modzi woti umuphe n'kuthana nazo. Omwe alipowo abisala m'zonanda zomwe mankhwala salowamo bwino, ndipo akatha mankhwalawo amabwereranso, popeza malo omwe anawalera, a shuga wambiri ndi kutupa, akadali momwemo. Ndondomeko ya akatswiri a nkhama a ku Ulaya ya mu 2020 imaletsa kupereka maantibayotiki mwachizolowezi pa matendawa, poopanso kuti mabakiteriya angasiye kumva mankhwala. Ali ndi malo ake, monga pomwe chotupa cha mafinya chayamba kufalikira ndipo munthu watentha thupi, koma zimenezo aweruze ndi wachipatala. Chithandizo chenicheni ndi kupala litsiro lolimba pa mizu ya mano ndi zipangizo, kutsuka mano kawiri patsiku kuphatikizapo m'mipata, kusiya fodya, ndi kutsitsa shuga.

Kuno kwathu

Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti 5.6 peresenti ya Amalawi a zaka 25 mpaka 64 anali ndi shuga. Wina wa bungwe la MEIRU, yemwe anayeza akuluakulu oposa 28,000 ku Karonga ndi ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe ndipo anafalitsidwa mu 2018, anapeza chiwerengero chocheperapo, koma pafupifupi anayi mwa odwala shuga khumi alionse sankadziwa kuti akudwala. Nawonso odziwa savutika pang'ono: pa odwala 620 omwe anaunikidwa ku kiliniki ya shuga ya chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, mu kafukufuku wofalitsidwa mu 2010, pafupifupi atatu mwa anayi alionse anali ndi shuga wosasamalidwa bwino. Amenewa ndi anthu omwe ndondomeko ya ku Chicago ingawaike m'gulu C ngati nkhama zawo zadwala.

Madokotala a mano ndi ochepa m'dziko muno. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow kudzera mu ntchito ya MalDent, ndipo ndondomeko ya dziko ya umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Ntchito yambiri m'zipatala za m'maboma ili m'manja mwa ma dental therapist, ndipo odwala ambiri amafika dzino litagwedera kale, chotsala n'kuzula.

Pali zomwe zingachitike popanda kudikira makina owerengera chibadwa cha mabakiteriya. Namwino kapena kiliniko ofesala wa ku kiliniki ya shuga atha kufunsa wodwala ngati nkhama zimatuluka magazi potsuka, ngati pali dzino logwedera kapena lomwe linaguluka lokha, ndi ngati m'kamwa mumatuluka fungo kapena mafinya, kenako n'kuyang'anamo ndi tochi. Osuta fodya ayang'anidwe ngakhale atakana za magazi, chifukwa fodya amafinya timitsempha ta m'nkhama n'kubisa chizindikirochi. Kumbali ya chipinda cha mano, munthu wa zaka za m'ma 30 kapena 40 wobwera ndi zotupa za mafinya m'malo angapo, kapena yemwe nkhama zake sizikupola atalandira chithandizo, ayezedwe shuga tsiku lomwelo asanabwerere kwawo. Pomwe HbA1c ikupezeka, woiwerenga akumbukire kuti kuchepa kwa magazi ndi matenda a sickle cell zimatha kusokoneza muyesowu, ndipo zonse ziwiri si zachilendo kuno. Wodwala yemwe ali pa insulini kapena glibenclamide apatsidwe nthawi ya m'mawa, ndipo auzidwe kuti abwere atadya ndi kumwa mankhwala ake monga mwa masiku onse, kuopa kuti shuga angamutsikire ali pa mpando wa dokotala wa mano.